Tizishango ta Rozina

Khalani pansi, ana inu. Pio, zimitsa foniyo, dziko silitha lero. Iwe Tadala, mkazi wanga wamng'ono, sendera kuno kuli dzuwa, chisanu cha kuno kwa Kaphuka sichidziwa kuti ndiwe mlendo wa ku Lilongwe. Yasinta, usathawire kukhitchini, mbalezo zikudikira. Nkhaniyi ndi yako kuposa onsewa.

Mukutiona iti tili m'chipewa changamu? Ndatitola kudzala m'mawa uno, nkhuku zitayamba kale kutipalasa. Dzulo Yasinta, potsegula sutikesi ya malemu agogo anu aakazi, Anangozo, adapeza tizikopa touma iti n'kuyesa n'zotsala za makoswe. Adatisesa. Sindikukudzudzula mdzukulu wanga, aliyense akadatisesa. Koma mu sutikesi momwemo mudatulukanso diresi loyera lija udavala iwe polandira Ukalistia woyamba. Ine ndidali pakhonde pano, makutu sadafe onse. Ndidamva mwana wakoyu, Tadala, akufunsa kuti, "Amayi, kodi ndingadzavale limeneli pa tsiku langa?" Iwe udaseka, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti, "Lachigambali? Misoko yokhota ngati njira ya chidakwa? Amene adasoka izi analibe nazo ntchito, monga mmene analibe nane ntchito ine." Sindidakuone, koma ndikudziwa kuti dzanja lako lidapita pa chipsera chili pachibwanopo. Limapita pamenepo nthawi zonse wina akatchula Rozina, amayi ako.

Ndikadatha kungokuponyera mwambi, kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ine n'kupitiriza kuwothera dzuwa langa. Koma mwambi suchotsa chipsera. Anangozo adapita, wodziwa ndatsala ndekha, ndipo mwaona nokha mmene ndikupumira ndikangokwera kachitunda ka kudimbako. Ndikapita nazo kumanda izi, mwana wanga Rozina adzakhala mayi wankhanza mpaka kalekale. Zimenezo ndiye ndikukana.

Ndiyambe ndi dzanja langali. Ine ndidali wosoka matumba. Usaseke Pio, idali ntchito, ndipo ndiyo idaphunzitsa bambo ako. Matumba a masiku ano ndi apulasitiki, opepuka, mwana amaboola ndi chala. Athu adali a chiguduli, okhakhala, olemera ngakhale mulibe kanthu. Nyengo yokumba kachewere ikafika, ngolo zinkatsika m'mapirimu zitatsogozana kupita ku Mayani, ife tili kale pamsika ndi singano zathu. Singano yake si ya mabatani ayi. Idali yaitali kuposa chala, ndipo ambiri tinkasula tokha ku sipoko ya njinga. Wogula ankafuna thumba lidzaze mpaka kusefukira, ndiye pamwamba unkayala udzu n'kuluka chingwe kuti kachewere asagwe. Chakudya chathu chidali kachewere yemweyo wowotcha paphulusa, mchere pang'ono, ndi thobwa. Inu mumafuna wokazinga m'mafuta, wodulidwa ngati zala za mwana, ndipo mukamaliza mumati simudadye.

M'mawa wina wozizira, chiguduli chitanyowa ndi mame, ndidakankha singano ndi mphamvu. M'malo molowa m'thumba idabwerera chakumbuyo n'kulowa pachikhatho apa. Taonani, bowo lake likuonekabe. Dzanja lidatupa mpaka pachigongono, khasu osagwira, apongozi anga n'kuyamba kuuza anthu pachitsime kuti mkamwini amene adapeza ndi wodzangodya. Nditachira ndidatenga chikopa cha ng'ombe, ndidachidula molingana ndi chikhatho, n'kuboola polowa chala chachikulu, pakati n'kusokererapo kachitsulo ka chitini komwe ndidakakhoma timaenje ndi msomali kuti singano isamaterereke. Nditafika nacho pamsika anzanga adafa nacho chiseko. "A Phiri abwera ndi chishango! Kodi kuli gule wa ngoma lero?" Dzina lidakhala lomwelo. Chaka chisanathe, oseka aja onse adali atabwera kunyumba kuno ndi zikopa zawo, aliyense akufuna chishango chake.

Rozina ndiye ankandibweretsera thobwa kumsikako. Kamtsikana kowonda miyendo, kolongolola, kosatopa kufunsa. Ankavala chishango changa n'kumavina nacho pakati pa matumba. Atakula pang'ono masisitere adawaphunzitsa kusoka, ndipo ankawapatsa kachitsulo kovala kunsonga ya chala. Iye ankakavula n'kukaika m'thumba la yunifolomu, ati kakumuchedwetsa. Sankakafuna chifukwa singano inkamumvera. Misoko yake unkachita kuifunafuna ndi maso. Yasinta, nsalu ya paguwa m'tchalitchi chathu chaching'onochi, ya timitanda m'mbali ija, imene umaiyang'ana Lamulungu lililonse ukabwera kuno, ukuganiza adasoka ndani? Ukapite ukaitembenuze, ukaone kuseri kwake. Ukapeza msoko umodzi wokhota udzandiuze. Iwe Pio sudawaone azakhali akowo, koma mphuno yakoyo ndi yawo.

Rozina adakwatiwa ndi bambo ako, iwe Yasinta, mnyamata woyendetsa malole, waulemu, wosabwera chimanjamanja kwa apongozi. Adapita naye ku Lilongwe. Udabadwa iwe, wonenepa, wolira ngati walipidwa. Tinkati mwana wathu wakhala pabwino. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Bambo ako adayamba kutsokomola ndi kuwonda, ndipo tidakawaika kwawo. Rozina adatsala ndi khanda kumsana, mlongo wako amene sumukumbukira. Khandalo silidafike pokwawa.

Adabwerera kuno nthawi ya masika, chimanga chili pamikukwe. Adatsika pa matola ndi sutikesi ija, iwe wa zaka zinayi utagwira chitenje chake. Nditamuona ndidayang'ana kumbali. Matendawo masiku amenewo sitinkawatchula. Ena ankati kaliwondewonde, ena matenda a boma, ena ankangoti "zomwezi" n'kugwedeza mutu. Inu lero mumangoti Edzi ngati mukutchula chimfine, ndipo mukuchita bwino. Anthu akulandira mankhwala kuchipatala n'kubwera kudzalima, amayi akubereka ana opanda kachilombo. Nthawi imeneyo kuno kudalibe zimenezo. Tidapita naye ku Dedza boma, adatilandira bwino, adatipatsa zochepetsa ululu, ndipo tidabwerera naye kunyumba m'minibasi.

Tsono mverani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pa liwu limodzi. Tidali ndi kawailesi ka mabatire, ndipo tsiku lililonse kankachenjeza kuti musabwerekane malezala, musabwerekane singano. Chichewa chathuchi nthawi zina chimaumira mawu. Ya jakisoni ndi singano, yosokera malaya ndi singano, yanga ya matumba nayo ndi singano. Wailesi siifunsidwa kuti mukunena iti. Ndipo munthu ukadayamba bwanji kufunsa kwa anansi, pamene kufunsako kudali kuulula? Rozina adamva kuti imfa yake ili m'magazi, ndipo singano ndiyo njira yake. Iye amene moyo wake wonse udali pa singano.

Mu sutikesi adabwera ndi nsalu yoyera, yogula yekha. Tsiku lina adandifunsa, "Bambo, mwana wa zaka khumi amafika pati?" Ndidaloza pachifuwa panga osadziwa chimene akufunsira. Adati akufuna kusoka diresi la Ukalistia woyamba la Yasinta. Anangozo adakalipa, "Mwanayu ngakhale Atate Athu sadziwa, iwe ukusoka za Ukalistia? Ukuitana imfa!" Rozina adayankha mofatsa, "Amayi, imfa siitanidwa, yakhala kale pakhomopo. Ine ndikungofuna indipeze nditamaliza." Anangozo adalowa m'nyumba, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndiwo ankamulowetsera ulusi pa singano.

Udali mwezi wa Juni, kunja kuli nkhungu imene imabisa phiri mpaka masana. Adakhala pakhonde lino, apo wakhala Piyopo, nsalu ili pamiyendo. Ine ndinkasankha mbewu ya kachewere pabwalo. Zala zake zidali zitafa ndi chisanu, ndipo singano imene sidamulakwirepo idamubaya chala cholozera cha kumanzere. Adangoti "Mayo!" pang'ono. Dontho lidagwera pansalu yoyera.

Iwe Yasinta unkasewera chapafupi. Udathamanga, ndipo udachita chimene iye yemweyo adakuphunzitsa. Ukabayidwa ndi munga iye ankatenga kachala kako n'kukayamwa, n'kunena kuti kwatha, kwapola. Nawe udagwira dzanja la amayi ako ndi manja onse awiri, udatsegula kakamwa, ukuti, "Ndipoze, ndipoze." Chalacho chidatsala pang'ono kukhudza milomo yako.

Adakukankha. Inde, zimene ukukumbukirazo n'zoona, sindikuchotsapo kanthu. Munthu amene ankalephera kunyamula ndowa yopanda madzi adakukankha ndi mphamvu imene sindidziwa adaitenga kuti. Udagwa pakhonde n'kumenyetsa chibwano pa mwala wonolera uja. Magazi adatuluka ambiri. Udalira utatambasula manja kwa iye, ndipo iye sadakunyamule. Adaimirira njo, dzanja atalibisa m'khwapa. Iwe udaona mayi woima osakutola. Ine ndidali kutsogolo kwake, ndidaona nkhope. Ankakuwa kuti, "Amayi! Amayi, m'tengeni mwana! Ali ndi bala, ine ndili ndi magazi, m'tengeni!" Mapazi ake ankapita kutsogolo n'kubwerera, kutsogolo n'kubwerera. Anangozo ndiwo adatuluka n'kukutola.

Madzulo ake, iwe utamangidwa kansanza pachibwano, adatenga sizasi n'kudula pansalu pomwe padagwera dontho, n'kuponya pamoto. Ndicho chigamba chimene unkachiseka dzulo. Singano adaikwirira kuseri kwa nyumba. Nditamuuza kuti mwana akumufuna, adati, "Bambo, mmodzi ndidamupha kale ndi bere langa. Uyu ndisamuphe ndi chala." Ndidamuuza kuti sadaphe munthu. Sadandimve.

Kuyambira pamenepo liwu lake kwa iwe lidali limodzi: "Choka apa." Ukafuna kukhala pamiyendo pake, choka apa. Ukafuna kudya naye mbale imodzi, choka apa. M'mbali mwa zikhadabo zake mudayamba kutuluka tizilonda tosapola, ndiye mantha adachita kuwirikiza. Nsalu yoyera idabwerera mu sutikesi. Iye adasiya kutuluka, adatembenukira kukhoma, phala akungolilawa. Anangozo adandiuza kudimba kuti, "Bambo a Rozina, mwanayu matenda akumusiyira masiku, koma chisoni sichimusiyira. Chitanipo kanthu, si inu a zishango?"

Ankanena mokwiya, koma mawuwo ndidawatola. Chikopa cha ng'ombe n'chouma kwambiri pa ntchito ya ulusi, ndiye ndidapempha cha mbuzi kwa mnzanga wopha mbuzi ku Mayani, cha pamimba pofewa. Ndidachipala, ndidachifikisa ndi mafuta a nsatsi mpaka chidafewa ngati nsalu. Kuyeza ndiye kudavuta, chifukwa Rozina ankakana kuti ndimugwire zala. Adadziyeza yekha ndi luzi, n'kumanga mfundo, n'kulikankhira kwa ine pamkeka. Ndidasoka tiwiri. Kena ka chala chapakati cha kumanja, chokankhira singano, ndipo kunsonga kwake ndidabisamo kachitsulo ka chitsekerero cha botolo. Kena ka chala cha kumanzere chimene chimakhala pansi pa nsalu kudikira singano, chomwe chidabayidwa chija.

Nditamupatsa adatiyang'anitsitsa. Kenaka adaseka, koyamba chibwerere. "Bambo, mwandipangira tizishango? Kodi kuli ngoma lero?" Nthabwala ya kumsika ija adali akuikumbukirabe. Ndidamugulira singano yatsopano, ndipo m'mawa mwake adatuluka pakhonde.

Koma wosoka, ana inu, saona ndi maso okha. Amaona ndi chala cha pansi pa nsalu, chimene chimamva nsonga ikubwera n'kuiuza potulukira. Ukachiveka chikopa chala chimenecho wachitseka maso. Onjezerani kunjenjemera kwa manja, onjezerani kutopa. Misoko idayamba kukhota. Iye ankaiona, ndipo zinkamupweteka kuposa chifuwa. Poyamba ankaphwasula n'kuyambiranso. Ndidamuuza kuti avule kamodzi kokhako, ka kumanzere, msoko uwongoke. Adati, "Likhote, bambo. Adzandiseka, koma adzakhala ali moyo kuti aseke." Dzulo udaseka, Yasinta. Ndiye kuti zimene ankafuna zidachitika.

Mapichesi aja ali kuseriwa atayamba maluwa, adandifunsa, "Bambo, chikopa chija chidatsalako?" Ndidati kodi tiwiri tija tang'ambika? Adati ayi, pa kusoka tikukwana. Kenaka adandikankhira tiluzi tina, kalikonse ndi mfundo yake. Sindidafunse. Munthu wodwala akapempha chinthu chimene ungathe, umangochita.

Ndidadzaona ndekha ntchito yake tsiku lina ndikuchokera kudimba masana. Iwe udali utadya n'kugona pamkeka pansi pa mpichesi, pakamwa pali yasa, monga umagonera mpaka lero, usakane. Amayi ako adali atakwawa kuchoka pakhonde n'kukhala pambali pako. Zala zonse zidali zitavala zikopa. Ankakusisita tsitsi pang'onopang'ono, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Adakugwira khutu, adakugwira phewa, adatsika mpaka kumapazi n'kuwerenga tizala tako. Atafika pachibwano adazungulira chipsera osachikhudza, ndipo ndidamva akuti, "Pepa, mayi. Pepa." Atandiona adaika chala pamlomo kuti ndisakudzutse.

Zidakhala choncho masana aliwonse amene adali ndi mphamvu. Ukadzuka, tizikopa tili kale pansi pa pilo, ndipo liwu ndi lomwe lija, choka apa. Ndidamufunsa chifukwa chake, popeza zala zidali zophimbidwa. Adati mwana wamaso amavula zinthu, amapsompsona, amaika chilichonse mkamwa. Wogona yekha ndiye ankamukhulupirira. Ndiye iwe udatenga zamaso zokhazokha n'kukula nazo. Zam'tulo zidatsala ndi ine.

Diresi adalimaliza kukutentha, anthu akusosa m'minda. Mpendero adaupinda kawiri, waukulu, ati ngati mwanayu adzatalike ngati bambo ake mudzangomasula. Adalipinda yekha, adaika tizishango pamwamba pake, adatseka sutikesi. Mvula yoyamba idagwa ife titamuika kale.

Pa tsiku la Ukalistia wako diresi lidakukulira m'mapewa, chifukwa chifuwa chimene ndidaloza chija chidali cha munthu wamtali. Anzako adavala za m'sitolo, iwe chigamba pambali. Udakwinya nkhope tsiku lonse, ndipo ife tinkayesa ndi manyazi a chigamba chabe. Ukamakana kupita nafe kumanda a mpingo mwezi wa Novembala, ukuti mutu ukupweteka, tinkati ndi mantha a ana. Sitinkadziwa kuti mwana wa zaka zinayi amasunga zinthu chonchi. Sudatiuze, ifenso sitidakufunse.

Patapita zaka, nditapita ku boma kukayezetsa magazi anga othamangawa, ndidacheza ndi namwino wina wachitsikana. Adali atavala magolovesi, ndipo singano akangobaya munthu ankaiponya m'kabokosi kake osaigwiranso kunsonga. Ndidamuuza kuti nanunso muli ndi zishango zanu. Adaseka, ndiye ndidalimba mtima n'kumufotokozera za Rozina. Adasiya kuseka. Adati, "Agogo, pa kuyamwa chala cha magazi paja adachita bwino kumuletsa. Koma kumunyamula, kudya naye, kugona naye mkeka umodzi, kumusokera malaya, zonsezo padalibe choopsa. Akadatha kumukumbatira tsiku lililonse." Ndidathokoza. Ndidayenda wapansi mtunda wautali ndisanakwere galimoto, chifukwa ndinkafuna polira popanda wondiona. Mpaka lero zimandiwawa. Mwana wanga adadzimana mwana wake miyezi yake yomaliza chifukwa cha liwu limodzi limene padalibe womumasulira.

Tadala, iwe wa kusukulu, bwera uwerenge m'chipewamu. Usaope, ndi chikopa cha mbuzi chabe. Tingati? Tisanu ndi tinayi? Ndiye kuti kamodzi nkhuku zapita nako, tidali khumi. Kusoka kumafuna tiwiri tokha, Yasinta. Tinato tidali tako.

Tenga aka. Tenga, sikaluma. Kauma, koma kukula kwake ndi komweko, chikopa chofikisa ndi nsatsi sichifota kwenikweni. Lowetsa chala. Chakana? Yesa chinacho. Chakananso. Yesa chaching'ono cha kumapetocho. Eya, pamenepo kalowa, ngakhale mothina.

Kameneko kadali ka chala chachikulu cha amayi ako. Ndi manja otero adamaliza diresi lako.

Lira, mdzukulu wanga, ine ndidalira kale zanga panjira ya ku boma. Pio, usangoti maso tong'o, kawatengere madzi asuweni ako. Tadala, katenge diresi lija ubwere nalo kuno kuli dzuwa, koma uligwire bwino, ulusi wake wakalamba ngati mwamuna wakone.

Wati chiyani, Yasinta? Kweza mawu, khutu ili ndi lija lidafa. Khasu? Lili kuseri kwa nkhokwe. Koma wekha sukapadziwa pamene adagona amayi ako, mtanda wake udagwa kalekale ndipo dzina lidafufutika. Dikira ndivale jekete, ndikakulozere.